Tsiku Limene Mkono wa Bambo a Milhem Unakana Kutsika

Amuna anga a Nakhle, amene mudzi wonse umawatchula kuti bambo a Milhem, ndi munthu wouma mutu kwabasi. Ndikunena izi mwachikondi, komanso chifukwa ndi zoona. Kumayambiriro kwa chaka Dokotala Rafka anawauza kuti phewa lawo lakumanja latha ntchito, asamakweze mkono kupitirira khutu. Iwo anafika kunyumba n'kundiuza kuti adokotala ati zonse zili bwino, angochepetsako mchere. Zoona zake ndinazidziwira m'munda wa maapozi, tsiku limene anakweza mkono kuti adule nthambi, mkonowo n'kutsalira komweko. Ndinauthowa ndi madzi otentha, ndinaupaka mafuta a azitona, ndinaulendewera ndi thupi langa lonse, koma ayi ndithu. Unadzatsika wokha pa nthawi imene unafuna.

"Zimenezi zithere pakhomo pano, mayi a Milhem," anatero. "Fayez akangomva, ine ndatha."

Kwathu kuno chisanu chikasungunuka m'phiri, maapozi n'kuchita maluwa, timakhala ndi chikondwerero cha nyimbo ndi magule. Alendo amabwera pa mabasi kuchokera ku Beirut ndi kutali. M'mawa amaphunzira kuvina gule wathu wa dabke ndi kuliza ng'oma pabwalo la sukulu, masana amamvera oimba. Tsiku lomaliza mudzi wonse umagwirana manja pabwalo la kasupe n'kuvina mzere umodzi. Wotsogolera mzere amapukusa mpango woyera m'mwamba, ndipo gule satha mpaka iye atautsitsa n'kuusomeka pa lamba. Asanatero, woliza chitoliro sachotsa bango pakamwa, ndipo palibe amene amasiya dzanja la mnzake. Wosiya amanenedwa iye, ana ake ndi adzukulu ake omwe. Mpangowo ukangolowa m'dzanja la munthu wina, kaya wachita kupatsidwa kaya wautola utagwa, utsogoleri wapita nawo ndipo subwerera.

A Nakhle anayamba kugwira mpango umenewu mwana wathu Milhem asanabadwe. Wachiwiri wawo pamzere ndi Fayez wometa tsitsi, amene wakhala akudikira malo amenewo kuyambira ali ndi tsitsi lakelake mpaka pano dazi lafika kunkhongo. Fayez amavina ngati akupha mphemvu. Analonjezanso anyamata kuti tsiku limene adzagwire mpango, chitoliro cha mabango chidzapuma, adzabweretsa kiibodi ndi masipika. Amuna anga analumbira kuti bola tidzawaike m'manda ndi mpangowo.

Ine malo anga ndi kumchira. Ndine amene ndimaphunzitsa alendo, choncho tsiku lomaliza ndimaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndikubweza ophunzira anga kuti asagwere m'kasupe. Theka la mapazi a m'phiri muno ndinawaphunzitsa ndine, a Fayez omwe, ngakhale pamenepo sindinyadirapo. Palibe lamulo loletsa mkazi kutsogolera, kungoti palibe amene anaganizapo zondifunsa, ndipo zimenezi zinkandiwawa. Chaka chimenecho dzanja langa lamanja linali m'dzanja la Jorge, chimunthu chachikulu chochokera ku Brazil, amene agogo ake anachoka m'mudzi muno kalekale. Anabwera kudzafuna mizu yake, koma mapazi ake anali asanauzidwe. Mzere ukamapita kumanja, iye ankapita kumanzere ndi mtima wake wonse.

M'mawa wa tsiku lomalizalo ndinawachonderera amuna anga ndikuwamanga lamba.

"Bambo a Milhem, lero pukusirani m'munsi. Musapitirire khutu, chonde."

"Mpango wa m'munsi ndi wopukutira mamina," anayankha, n'kutuluka.

Tinayamba titangodya chamasana. Mtanios woliza chitoliro anafufumitsa masaya. Iye amakoka mpweya ndi mphuno uku masaya akuuzira, motero nyimbo yake ilibe popumira. Ng'oma inagunda, mapazi anaponda pamodzi, fumbi linati kobo. A Nakhle anayamba mwaulemu, mkono uli m'munsi monga ndinawapemphera, mpaka mtima wanga unakhala pansi. Kenaka Fayez anatsegula pakamwa pake.

"Achikulire, mkonowo lero ukuoneka wolemeratu! Ndikunyamulireniko?"

Amuna anga ananjuta pansi, n'kudumpha m'mwamba monga ankachitira ali mnyamata, mkono n'kuuponya kumitambo. Amayi analiza nthungululu, alendo anakuwa. Ine ndekha ndi amene ndinaona nkhope yawo potera. Mkono unali utaima njo, chikuyenda ndi chikhatho chokha.

Poyamba anthu anatama. Ankati nkhalamba yadya chiyani chaka chino, taonani mmene yaimikira mkono osautsitsa. Tinazungulira kasupe, tinazunguliranso, tinazungulirabe. Thukuta linali kamukamu. Oimba ochokera ku Beirut, amene ankayenera kuimba pabwalo lomwelo ife tikamaliza, anali atakhala pamipando ndi zoimbira zawo pamiyendo, akuyang'ana mawotchi. Wapampando wa chikondwerero anayamba kukodola ndi manja onse awiri. A Nakhle ataona kuti maso achuluka, anakhotetsa mzere n'kuutulutsa pabwalo, kulowa nawo mumsewu wa kumsika. Tonse tinatsatira, nanga tikanatani?

Anatipititsa kuchipatala ngati tangodutsirako mwangozi. Dokotala Rafka anatuluka atamva phokoso, anangoona mkonowo n'kugwira pakamwa. Popeza wodwala sakanaima, dokotala anamuyeza akuvina naye pambali, dzanja lili paphewa. Zimene anakambirana, dokotalayo anadzandiuza yekha pambuyo pake.

"Bambo a Milhem, ndinakuuzani chiyani ine?"

"Za mchere, adokotala."

"Lowani mugone pabedi, ndikubayeni jakisoni. Mpangowo mupatseni wina."

"Bayani ndikuvina."

"Sindibaya munthu wodumpha!"

"Ndiye pitani muzikagwira ntchito, mukutisokoneza mapazi."

Kuchoka apo zinthu zinangosokonekera. Pa uvuni wa buledi, mkazi wa wophika anatimvera chisoni, anayenda mzere wonse akutiika zidutswa za buledi wotentha m'kamwa, chifukwa manja athu anali ndi ntchito. M'kanjira ka kuseri kwa msika mkono wa amuna anga unakola chingwe choyanikapo zovala, ndipo tinatuluka kutsidya kabudula wam'kati wa munthu wina akulendewera pachigongono pawo. Basi ya ku Beirut inaima poganiza kuti akuiimitsa. Ataona kuti sakukwera koma akuiimitsabe, dalaivala anayamba kutitsatira pang'onopang'ono m'mbuyo. Pa tchalitchi ansembe anatuluka pakhonde, n'kuona munthu wamkulu atakweza dzanja.

"Funsani, bambo a Milhem, ndikumva!" anafuula.

Alendo amene sanalowe mumzere ankatitsata m'mbali, onse atakweza mikono yakumanja, poganiza kuti ndiwo mavinidwe akale enieni amene ine ndinawabisira m'kalasi. Za amene anafuna kutaya madzi sindinena zambiri. Mzere unadutsa kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo tonse tinayang'ana kumwamba.

Ine zinandikwana. Ndinamunong'oneza Jorge kuti auze woyandikana naye, uthenga uyende pakamwa ndi pakamwa mpaka kumutu: mkonowo wakanirira, tiyeni kunyumba ndikauthowe, mzere udikire panja. Uthengawo unapita, patapita nthawi unabwerako. Jorge anawerama n'kundiuza mosangalala kuti akuti nyemba musadandaule nazo, aphulako kale. Sindikudziwa kuti zinasinthira pati. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawu oyamba aja anafika bwinobwino kwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali Fayez.

Ndinamuona ali kutali akuwala nkhope. Anayamba kugwedeza dzanja lamanzere la amuna anga ngati akuthyola zipatso mumtengo, kuti mpango upulumuke. Popeza manja ake onse anali ogwidwa, anavula nsapato imodzi ndi phazi linzake, kuti ukagwa autole ndi zala za kuphazi. Ankavina chotsimphina, maso ali m'mwamba, kukamwa kuli yasa, mwina n'kuuwakha ndi mano. Mtanios naye anali atasintha mtundu, nkhope yafiira mpaka kuda. Kulankhula sakanatha, kusiya sakanatha, ndipo ankadziwa kuti Fayez akapambana, chitoliro chake chidzakhala chokolezera moto. Anabwerera m'mbuyo mpaka kumchira akulizabe, n'kunditong'olera maso. Ndinamva zimene ankanena.

Apa n'kuti tili pamsewu wotsikira kuminda, umene umakhota ngati chigongono, mbali ina pamwamba, ina pansi, pakati pali khoma la miyala. Mutu wa mzere unali utakhota kale n'kumabwerera m'munsi mwa khomalo, pamene ife akumchira tinali tikadali kumtunda. Ndinangoona mpango ukubwera cha m'maondo mwanga. Ndinamukoka Jorge mpaka m'mphepete mwa khoma, ndinagwada ndi bondo limodzi, phazi linalo likupondabe nyimbo. Amuna anga atandiona anaima, ndipo mzere wonse unayamba kuvinira pamalo amodzi.

Pafupi choncho ndinachita mantha. Zala zawo zinali zitayera mbuu, magazi atathawamo, ndipo mpango unali utatsetsereka mpaka kutsala kansonga kokha. Milomo inali itauma. Ankapuma wefuwefu, koma mapazi sanaphonye ngakhale kamodzi.

"Bambo a Milhem, ndipatseni."

"Ndikupatseni chiyani?"

"Musandipusitse ine. Zala zanuzo zachita dzanzi, mpango ukugwa uwo."

"Ndili bwinobwino. Ndikusangalala."

"Kusangalala kwake mpaka kabudula wa eni ake pamkono?"

"Alamu, asiyeni achikulire avine!" anafuula Fayez, zala za kuphazi zili chire. "Musawasokoneze, akumva kukoma!"

"Iwe Fayez, tseka pakamwa, ntchentche zikulowa," ndinatero osamuyang'ana.

Amuna anga anatsitsa mawu kuti ng'oma iwaphimbe. "Ndikapereka, ndidzakhala ndani m'mudzi muno? Kankhalamba ka maapozi basi. Anthu azidzandipatsa moni chifukwa cha imvi."

Mawu amenewo anandilasa mumtima. Zaka zonsezi ndakhala nawo, sindinawamvepo akuvomera kuti akuopa kanthu. Ndinafuna kulira, koma nthawi yolira panalibe.

"Ndiye mukufuna ugwere pa phazi la Fayez? Taliyang'anani phazilo. Zikhadabo zimenezo."

Anayang'ana pansi, n'kuchita tsinya.

"Inu simudziwa kutsogolera," anatero.

"Ine? Amene anakuphunzitsani kudumpha kwanu kotchukako, kuseri kwa nkhokwe ya bambo anga, musanandifunsire n'komwe, anali ndani? Munkatera ngati thumba la tirigu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mapazi akugundabe. Kenaka ananditchula dzina limene anali asanalitchule chibadwire Milhem.

"Zalfa. Usaugwetse."

Zala zawo zinakana kutseguka zokha. Ndinachita kuzitambasula chimodzichimodzi ndi dzanja langa lamanzere, lokhalo limene linali lomasuka, iwo atatsinzina. Chala chomaliza chitatseguka, mpango unali m'manja mwanga. Ndinaimirira pamwamba pa khoma n'kuukweza.

Fayez anakuwa ngati aponda msomali. "Sizingatheke! Ndi mkazi! Ndi dzanja lamanzere! Ndi kumchira kumeneko!"

"Mwambo umati dzanja la munthu," anayankha mayi wina wachikulire pakati pa mzere. "Kapena mayi a Milhem si munthu? Vala nsapato, ukutinunkhitsa."

Amene anagamula nkhaniyo ndi Mtanios. Anatembenuka, n'kulozetsa chitoliro chake kwa ine, woliza ng'oma n'kumutsatira. Basi, mchira unasanduka mutu. Ophunzira anga, amene sabata yonse ankapondana, anapezeka kuti ndiwo akutsogolo. Fayez anakhala wachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo womaliza weniweni anali amuna anga.

Wina anganene kuti ndikanangousomeka mpangowo pomwepo anthu n'kupuma. Sindinatero, ndipo sindipepesa. Gule wa chikondwerero sathera pamsewu wa kuminda ngati ng'ombe yotayika, amathera pa kasupe. Komanso ndinali nditadikira moyo wanga wonse. Ndinapukusa mpango, ndinaponda pansi, n'kuukoka mzere wonse kukwera chitunda. Popeza tsopano tinkapita kumanzere, mapazi a mudzi wonse anasokonezeka. Akatswiri ankapunthwa, Fayez ankagundana ndi aliyense. Munthu mmodzi yekha amene ankavina molondola anali Jorge, amene kuyambira tsiku loyamba ankapita kumeneko. Ankalira misozi akufuula kuti magazi a agogo ake adzuka. Dalaivala wa basi uja, posowa potembenukira, anatitsogolera chobwerera m'mbuyo.

Ndinasangalala, ndisaname. Ndinasangalala ngati kamtsikana, maondo anga okalambawa anaiwala kuti amawawa. Pokhota pa tchalitchi ndinanjuta n'kudumpha, kudumpha kwanga komwe kuja, ndipo kuchokera kutali kumchira ndinamva mawu a amuna anga.

"Kweza mkono, mkazi iwe! Mpango umenewo si wopukutira mamina!"

Tinafika pabwalo dzuwa litapendeka. Oimba a ku Beirut anali atatopa n'kudikira, akuimbira mipando ndi nkhunda. Ndinazungulira kasupe kamodzi, n'kuima. Lamba ndinalibe, choncho mpango ndinausomeka pachifuwa, m'kati mwa diresi, kumene Fayez sangayerekeze n'komwe. Chitoliro chinati zii. Mtanios anachotsa bango pakamwa, koma masaya anatsala ofufuma, mpaka mkazi wake anachita kuwafinya ndi zikhatho. Anthu anasiyana manja n'kugwa pomwe anali, ena anaviika mitu m'kasupe. Mwini kabudula uja anabwera mwakachetechete, n'kumuchotsa pachigongono pa amuna anga, osapereka ngakhale moni.

A Nakhle okha ndi amene sanakhale pansi. Anaima kumapeto kwa bwalo, mkono ukadali m'mwamba, akuyang'ana chikhatho chawo chopanda kanthu. Anthu ankabwera kwa ine kudzandipsompsona m'masaya, iwo palibe amene anawayandikira, chifukwa palibe amene ankadziwa choti anene. Chimwemwe changa chonse chija chinathera pomwepo.

Kuchokera pabwalo kupita kwathu, msewu umatsata khoma la munda wa tchalitchi. Ndinakwinya diresi, n'kukwera pakhomapo pamaso pa mudzi wonse, mayi wa adzukulu ngati ine.

"Bwerani kuno, bambo a Milhem."

Anabwera. Ndinaika dzanja langa m'chikhatho chija, zala zawo zozizira n'kutsekeka pang'onopang'ono. Tinayenda choncho, ine pamwamba pa khoma, iwo mumsewu. Titadutsa mtengo wa mkuyu anatsokomola.

"Pokhota pa tchalitchi paja unachedwa kutera."

"Ndamva."

"Koma unadumpha bwino." Anayenda pang'ono. "Nanga ine chaka chamawa ndidzaima pati?"

"Kumchira kulibe munthu. Pakufunika wina wodziwa, woti azibweza alendo asagwere m'kasupe."

Khomalo limathera pafupi ndi geti lathu, ndipo potsikira palibe. Ndinawauza kuti andisiye dzanja ndidumphe.

"Kwathu kuno sitisiya dzanja," anatero.

"Gule watha, bambo a Milhem."

"Watha kwa iwowo."

Ndinadumpha. Phewa linalira ngati nkhuni youma, amuna anga anatukwana mawu amene sindingawalembe, mpaka agalu a mudzi wonse anauwa. Nditaimirira bwino n'kuyang'ana, mkono unali pansi, m'mbali mwawo, ndipo dzanja langa linali likadali m'kati mwake.